Kodi Utali Uli ndi Tambala Yake?

Mukapita kwa telala kukasoketsa, amakuzungulizani tepi ija amakhala ataikoloweka m'khosi tsiku lonse. Tepiyo ili ndi timizere: mbali ina mainchesi, mbali ina masentimita, ndipo pakati pa masentimitawo pali timizere tina tothinana ta mamilimita. Chiuno chanu chikathera pakati pa timizere tiwiri, telala sataya nthawi. Amasankha kamzere kapafupi, n'kulemba m'kakope kake, basi. Koma nonse awiri mukudziwa kuti timizereto ndi ta tepi. Munthu sanenepa modumpha kuchoka pa kamzere aka kufika pa ako. Thupi limangokula mwakachetechete, mosadukiza.

Ndalama ndiye zina. Kwacha ili ndi matambala 100, ndipo chiyambire mu 1971 pamene tinayamba kuigwiritsa ntchito, palibe anagwirako theka la tambala m'manja mwake. Inde, lero tambala siigula ngakhale mtengo umodzi wa machesi, koma mfundo yake ikadalipo: ukamagawa kwacha, pali pamene umaima. Pakati pa tambala imodzi ndi matambala awiri palibe ndalama ina.

Tsono funso limene lasowetsa tulo akatswiri a fizikisi ndi ili: utali uli ngati chiuno, kapena uli ngati kwacha? Mutatenga mita imodzi n'kuigawa pakati, theka lakelo n'kuligawanso, n'kumangopitiriza choncho, kodi mudzafika pa kautali kotsiriza kosagawikanso, kapena ntchitoyo ilibe pothera?

Tisasokoneze zinthu ziwiri. Kudula chingwe ndi nkhani ina, kugawa mtunda umene chingwecho chagonapo ndi nkhani inanso. Za chingwe zinadziwika kale. Ufa woyera ukamatsika m'chigayo umayenderera ngati madzi, koma mukautsina pakati pa zala mumamva timibulu. Madzi enieniwo nawonso ndi timibulu, kungoti n'tochepa moti zala sizingatimve. Mgiriki wina dzina lake Democritus anaganiza zimenezi zaka pafupifupi 400 Khristu asanabadwe, ndipo liwu loti atomu linachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza chinthu chosadulika. Dzinalo linadzapita padera, chifukwa atomu inapezeka kuti ili ndi zam'kati: maelekitironi kunja, ndi phata lolemera pakati, limene Ernest Rutherford analitulukira mu 1911. Komabe zoti zinthu ndi timibulu zinaima nji. Chimene sichinathe ndi nkhani ya danga lenilenilo, mpata wopanda kanthu umene timibuluto timayendamo. Kodi nalo ndi ufa?

Amene anayamba kuputa njuchi ndi Zeno wa ku Elea, mzinda wa Agiriki umene unali kum'mwera kwa Italy. Iye anati: kuti munthu afike pakhomo, ayenera kuyamba wayenda theka la mtunda, kenako theka la wotsalawo, kenakonso theka la wotsalawo. Ngati mtunda umagawika kosatha, ndiye kuti magawo oti ayende ndi osawerengeka. Nanga afika liti? Funsoli linavuta anthu kwa nthawi yaitali, koma masamu anadzalimasula. Ganizani za mtanda umodzi wa nsima. Mutatema theka, kenako theka la chotsala, kenakonso theka, mbamu zanu zikhoza kukhala zosatha, koma zonse pamodzi sizidzaposa mtanda umodzi uja. Magawo osatha akhoza kukwana m'chinthu chokhala ndi malire, ndipo nthawi yoyenda magawowo nayonso imanka ichepa mofanana. Choncho Zeno sanatikakamize kukhulupirira kuti mtunda uli ndi tambala. Fizikisi ya Isaac Newton, ngakhalenso ya Albert Einstein, inamangidwa pa danga losalala, logawika mmene mungafunire.

Chisokonezo chinabwera ndi liwu loti kwantamu.

Chitsulo chimene wosula waika pamoto chimayamba kufiira, kenako chimaoneka chachikasu, chikatentha kwambiri chimayera. Mu Disembala 1900, ku Berlin, Max Planck anapeza masamu ofotokoza bwino kuwala kochokera ku zinthu zotentha chonchi, koma kuti masamuwo ayende anachita kuvomereza chinthu chimene iye mwini sanakondwere nacho: mphamvu imaperekedwa ndi kulandiridwa m'timaphukusi, timene timatchedwa kwantamu, ngati shuga wa m'timapepala ta pa okala. Kaphukusi kamodzi, tiwiri, titatu. Kamodzi ndi theka ayi. Mu 1905 Einstein anapita patsogolo n'kunena kuti kuwala kwenikweniko kumayenda m'timaphukusi timeneti. Mu 1913 Niels Bohr wa ku Denmark anati elekitironi ya mu atomu ya haidrojeni imaloledwa kukhala pa masitepe ena ake a mphamvu okha, monga njere ya bawo imene imakhala m'dzenje ili kapena ilo, koma siingakhale pamtunda wa pakati pa maenje awiri. Umboni wake mungauone kukhitchini. Mchere ukagwera pa moto wa gasi, lawi la buluu limasanduka lachikasu, ndipo chikasu chake chimakhala chomwechomwecho ku Zomba ndi ku Tokyo, chifukwa elekitironi ya mu sodiyamu wa mu mcherewo imatsika sitepe imodzimodzi n'kutaya kaphukusi ka kuwala ka mphamvu imodzimodzi.

Anthu atamva zimenezi anangolumphira poti: ngati mphamvu ili ndi masitepe, ndiye kuti chilichonse chili ndi masitepe, utali womwe. Apa ndi pamene ambiri amaterereka, ndipo ndikufuna tichedwepo pang'ono.

Tengani kaligo, kapena gitala ngati kaligo simunamuonepo. Nsambo yake yamangidwa nsonga zonse ziwiri. Mukaikhudza imanjenjemera, koma siinjenjemera mwachisawawa. Ikhoza kugwedezeka yonse ngati uta umodzi, kapena kugawika mauta awiri pakati pakhale bata, kapena mauta atatu. Mauta awiri ndi theka n'zosatheka, chifukwa nsonga zomangidwa zija siziloledwa kusuntha. Ndiye pa nsambo imodzi pakutuluka manambala athunthu: 1, 2, 3. Funsani tsopano: kodi manambalawa abwera chifukwa nsamboyo ndi ya mikanda yolumikiza? Ayi ndithu. Abwera chifukwa funde latsekeredwa pakati pa malire awiri. Ndipo woimba kaligo akasendeza chala chake pang'onopang'ono, liwu limakwera mosalala ngati kulira, popanda kudumpha, chifukwa chalacho chikhoza kuima paliponse.

Umu ndi mmene zililinso mu atomu. Mu 1926 Erwin Schrödinger analemba masamu otenga elekitironi ngati funde. Funde limeneli likatsekeredwa ndi chikoka cha phata la atomu, limangokwanamo m'njira zowerengeka, monga nsambo ija, ndipo masitepe a Bohr amatuluka okha. Elekitironi yomweyo mukaimasula n'kuiponya pabwalo, ikhoza kukhala ndi mphamvu iliyonse. Masitepe ndi mwana wa kutsekeredwa. Ndipo m'masamu a Schrödinger amenewa, malo amene elekitironi ingapezeke amalembedwa ndi nambala yosadukiza, yofanana ndi chiuno chija, osati kwacha.

Bohr mwiniwake ali ndi mbali pa chisokonezochi. Chithunzi chake, chimene ana amajambulabe m'makope a sekondale, chimaonetsa elekitironi ikuzungulira phata pa mizere yozungulira, woyamba pa mtunda wa pafupifupi mananomita 0.053, wachiwiri kuwirikiza kanayi, wachitatu kasanu n'kanayi. Munthu akaona chithunzicho amati nawo mtunda uli ndi masitepe. Koma chithunzicho chinasiyidwa pasanathe zaka 15. Malinga ndi masamu amene analowa m'malo mwake, elekitironi ikhoza kupezeka pafupi kapena patali kuposa pamenepo, ndipo mtunda wa Bohr uja ndi pamene imapezekapezeka kawirikawiri basi. Zili ngati kunena kuti agogo amakonda kukhala patsinde pa mango masana. Sizitanthauza kuti pakhonde safikapo.

Nanga lamulo la Werner Heisenberg la mu 1927, loti sungadziwe bwinobwino malo a kanthu ndi kathamangidwe kake nthawi imodzi? Limenelo limanena za chifunga, osati za njerwa. Mukafuna kudziwa malo mosamala kwambiri, mumataya chidziwitso cha kathamangidwe, koma lamulolo palokha siliika malire a mmene mungapanikizire malowo.

Mpaka pano ndiye kuti yankho n'losavuta: m'fizikisi ya kwantamu imene yayesedwa n'kupambana, imene inatipatsa tizipangizo ta mu foni ndi mu kompyuta, utali ulibe tambala.

Koma pali nambala ina imene imakana kuchoka pakhomo. Mu 1899, chaka chimodzi asanabweretse timaphukusi take, Planck anaona kuti mukasakaniza manambala atatu a chilengedwe, ndiwo liwiro la kuwala, nambala ya Newton ya mphamvu yokoka zinthu, ndi nambala yatsopano imene iye mwini anaipeza, mumatuluka utali umodzi wosadalira mfumu, phazi la munthu kapena tepi ya telala. Umatchedwa utali wa Planck. Kuti muulembe m'mamita, lembani ziro, kadontho, maziro ena 34, kenako 16.

Kuchepa kwake kumaposa nzeru, koma tiyeni tiyese. Tsitsi limodzi lokhuthala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Chilengedwe chonse chimene makina oonera kutali angathe kuona, ndi milalang'amba yake yonse, chimaposa tsitsilo kuwirikiza nambala ya 1 yotsatidwa ndi maziro 31. Tsitsi lomwelo limaposa utali wa Planck ndi muyeso wofananawo. Tsitsi lanu lili pakatikati pa chachikulu kwambiri chimene tikuchidziwa ndi kautali aka.

N'chifukwa chiyani asayansi amakaopa kautali kameneka? Munthu akabayidwa ndi munga kuphazi sauchotsa ndi mpini wa khasu. Amafuna singano, ndipo munga ukakhala waung'ono, singanoyo iyenera kukhala yosongoka koposa. M'fizikisi singano yofufuzira tinthu ndi funde, ndipo funde lalifupi limadya mphamvu zambiri. N'chifukwa chake ku CERN, pafupi ndi Geneva, anakumba ngalande yozungulira ya makilomita 27 pansi pa nthaka, mmene amawombanitsira mapulotoni, tizidutswa ta m'phata la atomu. Ndi singano yaikulu chonchi amatha kufufuza mpaka timitunda tochepa kuposa pulotoni maulendo masauzande angapo, ndipo kumeneko danga likuonekabe losalala. Koma kuti afike pa utali wa Planck, mphamvu ya kuwombanako iyenera kuwirikizidwa pafupifupi ka 1,000,000,000,000,000. Vuto si ndalama zokha. Einstein anaonetsa mu 1915 kuti mphamvu imapinda danga. Mukaunjika mphamvu zochuluka chotere pa kamalo kochepa chotere, masamu amaonetsa kuti pangabadwe black hole, dzenje limene ngakhale kuwala sikutulukamo. Singano yameza phazi ndi munga womwe.

Mfundo imeneyi ndi yamphamvu, ndipo ine ndimailemekeza. Koma taonani chimene ikunena. Ikuti pali pamene kuyeza kumalephera, ndiponso pamene malamulo a kwantamu ndi a Einstein amayamba kupondana zala. Siikunena kuti danga ndi khoma la tinjerwa tofanana. Tepi ikathera timizere sindiye kuti chiuno chathera pomwepo. Amene amalemba kuti utali wa Planck ndi kanjerwa kotsiriza ka chilengedwe, ngati kuti wina anakaona n'kukajambula, amagulitsa mbuzi isanabadwe.

Ndipotu maganizo a tinjerwa ali ndi mavuto ake, amene mmisiri aliyense womanga angawamve msanga. Mmisiri akamafuna kuti ngodya ya maziko ikhale yolunjika, amayeza 3 mbali iyi, 4 mbali iyo, ndipo chingwe chopingasa chikakwana 5 amadziwa kuti zili bwino. Tsono tiyerekeze kuti danga ndi matailosi, ndipo mtunda ndi kuwerenga matailosi amene mwaponda, palibenso tepi ina yoyezera. Chipinda cha matailosi 10 mbali iyi ndi 10 mbali iyo: mukatsata khoma muponda 10. Mukadutsa chopingasa, ngodya mpaka ngodya, mupondanso 10. Koma m'dziko lenileni tepi imapereka 14 ndi kakusefukira. Musaganize kuti kuchepetsa matailosi kuthandiza. Akhale miliyoni mbali iyi ndi miliyoni mbali iyo, chopingasa chidzakhalabe miliyoni. Katswiri wa masamu Hermann Weyl ndiye anatchukitsa mfundo imeneyi. Telala wathu uja amaidziwanso m'njira yake: nsalu mukaikoka motsata ulusi imalimba, mukaikoka chopingasa imatamuka. Chilichonse cholukidwa mwa mizere chimaulula kumene ulusi wake walowera. Danga silinaululepo zotero. Kuyambira pa kuyesa kwa Albert Michelson ndi Edward Morley ku Cleveland mu 1887, mpaka zipangizo za lero zoposa chawo kutalitali, kuwala kumathamanga mofanana kulikonse kumene mwakulozetsa.

Vuto lachiwiri ndi la Einstein. Mu 1905 anaonetsa kuti chinthu chothamanga kwambiri chimafupika kwa amene akuchiona ataima. Ndodo ya mita imodzi yodutsa pa liwiro la magawo 87 pa 100 a liwiro la kuwala, inu mungaiyeze n'kupeza theka la mita. Ndiye ngati pali kanjerwa kochepetsetsa, n'kochepetsetsa kwa yani? Kwa ine amene ndaima, kapena kwa mnzanga amene akudutsa n'kukaona katafupika?

Akatswiri sanagwe mphwayi ndi mafunsowa. Mu 1947 Hartland Snyder wa ku America anaonetsa pa pepala kuti n'zotheka kukhala ndi danga la masitepe popanda kuswa lamulo la Einstein. Mu 1995 Carlo Rovelli ndi Lee Smolin, potsata chiphunzitso chotchedwa loop quantum gravity, anawerengera kuti kukula kwa malo kumabwera m'masitepe a msinkhu wa Planck. Kwa iwo danga si matailosi oyalidwa mwa mizere. Lili ngati ukonde wa asodzi, mfundo ndi zingwe zolumikizana, ndipo masitepewo amaoneka pa zotsatira za kuyeza, monga manambala athunthu aja anatulukira pa nsambo. A gulu la string theory amati tinthu tonse ndi tizingwe tonjenjemera, ndipo sungafufuze mtunda wochepa kuposa kachingwe kamene ukufufuzirako. Awa amavomereza malire a kuona popanda kuvomereza njerwa. Magulu awiriwa akhala akukangana kwa zaka zambiri, ndipo palibe limene labweretsa umboni wa m'chipinda choyesera. Masamu ake ndi okongola, koma mlandu sugamulidwa ndi kukongola kwa mboni.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwa asayansi pa nkhaniyi kwandigometsa koposa masamu awo. Popeza singano yofika pa utali wa Planck singasulidwe, anaganiza zogwiritsa ntchito mtunda wautali. Aliyense amene anakankhapo wilibala pa msewu wa miyala amadziwa kuti gudumu laling'ono limamva kamwala kalikonse, pamene tayala la lole limangodutsa. Ngati danga lili ndi timabampu, kuwala kwa mafunde aafupi kwambiri kuyenera kutimva kuposa kuwala kwa mafunde aatali, ndipo pa ulendo wautali kumodzi kuyenera kutsalira. Pa 10 Meyi 2009, makina oonera kutali otchedwa Fermi, amene amazungulira dziko mumlengalenga, anaona kuphulika kwakukulu kumene kuwala kwake kunayenda zaka pafupifupi 7 biliyoni kuti kutipeze. M'kuwalako munali kaphukusi kamodzi ka mphamvu zoopsa, gudumu laling'ono la nkhani yathuyi. Kanafika limodzi ndi anzake ofooka, kusiyana kwake kosakwana sekondi imodzi. Zaka 7 biliyoni pa msewu, wilibala ndi lole n'kufikira pamodzi. Zimenezi zinagwetsa maganizo osavuta aja a danga la timabampu, ngakhale sizinagwetse onse, chifukwa ziphunzitso zina sizilosera kutsalira kotere.

Ku Fermilab, pafupi ndi Chicago, anamanga chipangizo chotchedwa Holometer kuti amve ngati danga limanjenjemera mwa mtundu umene wasayansi Craig Hogan analosera. Mu 2015 analengeza kuti sanamve kanthu. Chaka chomwecho, pa 14 Seputembala, zipangizo za LIGO, zokhala ndi mikono ya makilomita 4, zinamva danga likutamuka ndi kufupika chifukwa cha ma black hole awiri amene anawombana kutali kwambiri. Kusintha kwa utali kumene anayeza kunali kochepa kuposa pulotoni maulendo mazanamazana, ndipo kunakwera ndi kutsika mosalala monga masamu a Einstein ananenera. Tisadzinamize, kuchoka pamenepo kufika pa utali wa Planck pakadali maziro ena pafupifupi 17. Koma paliponse pamene dzanja la munthu lafika, silinakhudze m'mphepete mwa njerwa.

Ine pa mlanduwu ndimagamula motere. Mphamvu ya chinthu chotsekeredwa ili ndi masitepe, ndipo zimenezi n'zotsimikizika ngati chikasu cha mchere pamoto. Kuwala kumabwera m'timaphukusi, n'zotsimikizikanso. Utali, m'chiphunzitso chilichonse chimene chapambana mayeso, ndi wosadukiza. Pa msinkhu wa Planck pali chifukwa chomveka choyembekezera kuti liwu loti mtunda lidzasiya kutanthauza zimene timalidziwa nazo, monga liwu loti kunyowa limathera ukafika pa kambulu kamodzi ka madzi. Koma kutha kwa tanthauzo ndi kupezeka kwa tambala si chinthu chimodzi.

Choncho mwana wanu akabwera kuchokera kusukulu, kapena akawerenga pa intaneti, n'kukuuzani kuti asayansi anapeza kautali kochepetsetsa m'chilengedwe, musamutsutse mwaukali. Mufunseni kuti anakayeza ndani, ndi chipangizo chanji, chaka chiti. Nambala ya utali uja Planck anaipeza pochulukitsa ndi kugawa manambala atatu pa pepala mu 1899, ndipo mpaka lero palibe chipangizo chimene chaifika.